Dzina n'la yani, la mwini wake kapena la omuitana?

Mwa katundu yense amene munthu ali naye pansi pano, dzina ndilo lokha limene anzake amaligwiritsa ntchito kuposa mwini wake. Malaya ako umavala wekha, khasu lako umalimira wekha, koma dzina lako limakhala m'kamwa mwa ena kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo ngakhale tsiku loikidwa m'manda, ndi ena amene amalilemba pa mtanda. Sudalisankhe, sudafunsidwe. Tsono funso limene ndikufuna tilimbane nalo sabata ino ndi ili: ngati dzina limene ukudziwika nalo udapatsidwa pa tsiku limene udali pansi, wanjala ndi wausiwa, kodi uyenera kulitaya kapena kulisenza? Funsoli landifikitsa kutali ndi kwathu, ku mtundu wa anthu otchedwa Ahimba.

Ahimba amakhala kumpoto chakumadzulo kwa dziko la Namibia, m'chigawo cha Kunene chimene kale chinkatchedwa Kaokoland, komanso kutsidya kwa mtsinje wa Kunene, kumwera kwa Angola. Onse pamodzi alipo pafupifupi 50,000. Ambiri mwa inu owerenga mudawaonapo pa zithunzi: amayi ofiira thupi lonse ndi tsitsi lomwe chifukwa chodzola otjize, omwe ndi mafuta a mkaka wa ng'ombe osakaniza ndi dothi lofiira lopera. Ndi abusa a ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa, m'dziko la miyala ndi mapiri kumene mvula imagwa mwa apo ndi apo. Pakati pa mudzi wawo pamakhala moto wopatulika wotchedwa okuruwo, pamene mkulu wa banja amayankhula ndi makolo amene adatsogola, ndipo makolowo ndiwo amapereka madandaulo kwa Mukuru, amene ndi Chauta wawo.

Chiyankhulo chawo, Otjihimba, ndi nthambi ya Chiherero, ndipo Mmalawi akatchera khutu bwino amamva fungo la kwawo. Munthu amati omundu, anthu ndi ovandu. Ng'ombe ndi ongombe, nyama ndi onyama, mtima ndi omutima, mvula ndi ombura. Dzina limene tikukambali iwo amati ena. Mmodzi wa iwo ndi Omuhimba, ambiri ndi Ovahimba, monga momwe ife timanenera Mchewa ndi Achewa. Ngakhale pa chibale sitisiyana kwenikweni. Mwana wa Chihimba amakhala ndi mafuko awiri, la kwa amayi lotchedwa eanda ndi la kwa abambo lotchedwa oruzo, ndipo ng'ombe zambiri za munthu akamwalira zimapita kwa mwana wa mlongo wake. Mchewa aliyense amene adakula akudziwa mphamvu za amalume sangadabwe nazo zimenezi.

Nanga dzina lakuti Ahimba lidachokera kuti? Anthuwa adali mbali ya Aherero. Pamene Aherero ambiri adapitirira ulendo kulowera kumwera, ena adatsalira ku Kaokoland ndi ziweto zawo. M'zaka za pakati pa 1850 ndi 1900 kudabwera magulu a Anama okhala ndi mfuti ndi akavalo, a Topnaar ndi a Swartbooi, amene adayamba kulanda ng'ombe mudzi ndi mudzi. Mbusa wopanda ng'ombe ali ngati msodzi wa ku Nkhotakota amene nyanja yamuphwera. Ambiri adawoloka Kunene kuthawira ku Angola, kumene adakafika chimanjamanja pakati pa anthu otchedwa Angambwe, n'kuyamba kupempha chakudya ndi malo okhala. Malongosoledwe odziwika kwambiri a dzinali amati eni dzikowo ndiwo adawatcha Ovahimba, kutanthauza anthu opemphapempha. Anzawo amene sadawoloke, amene adabisala m'mapiri n'kumakumba mizu kuti adye, adatchedwa Ovatjimba, dzina lochokera ku ondjimba, chinyama chija cha mphuno yaitali chokumba maenje usiku pofuna chiswe, chimene azungu amati aardvark. Taonani tsono, ana a mimba imodzi adagawanidwa maina awiri ndi tsoka limodzi. Amene adatambasula dzanja adakhala opempha, ndipo amene adakumba pansi adasanduka chinyama.

Chinthu choyamba chimene ndikuona pa nkhaniyi n'chakuti dzina lotere silinama, komanso silinena zoona zonse. Anthuwa adapemphadi. Palibe amene angatsutse. Koma adapempha kwa nyengo, pamene mbiri yawo ya ubusa ndi ya zaka mazanamazana. Dzina lidagwira nyengo imodziyo n'kuiumitsa ngati nsomba ya pa thandala, kuti mdzukulu wa mdzukulu, amene khola lake ladzaza ng'ombe, azitchedwabe wopempha. Ife Amalawi chinthuchi timachidziwa bwino m'nyumba zathu. Alipo a Mavuto amene moyo wawo wonse sadagonepo ndi njala, alipo a Masautso oyenda pa galimoto, a Chisoni oseka kuposa aliyense pa ukwati. Dzina limasimba za tsiku limene mwana adabadwa ndi zimene zidali mumtima mwa womutcha. Za mwanayo silidziwa kanthu. Kusiyana kwake n'kwakuti Mavuto adatchedwa ndi agogo ake amene ankamukonda, pamene Ahimba adatchedwa ndi anthu amene ankawayang'ana ali chiimire pakhomo, iwo atakhala pansi.

Tsono munthu atani nalo dzina lotere? Mbiri ikutionetsa njira ziwiri, ndipo imodzi mwa izo idayendedwa konkuno. Kuyambira cha m'ma 1890, Alomwe ambiri adawoloka malire kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhanza za Apwitikizi ndi njala, n'kudzakhala m'minda ya azungu ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu pansi pa thangata. Anthu amene adawapeza kuno, pamodzi ndi boma la atsamunda, adawatcha Anguru, ndipo dzinalo lidasanduka chitonzo, lotanthauza munthu wapansi, wobwera, wosayankhula bwino. Mu 1943 a Lewis Bandawe ndi anzawo adakhazikitsa bungwe la Alomwe, ndipo nkhondo yawo yoyamba idali ya dzina. Boma lidagonja m'zaka zomwezo n'kusiya kulemba dzina lonyozalo m'makalata ake. Iyi ndi njira yoyamba, yovula dzina ngati malaya a nsabwe n'kulitentha.

Njira yachiwiri tiipeza ku Ulaya. Mu 1566, gulu la mfulu za ku Netherlands lidapita ku Brussels kukadandaula kwa Margaret wa ku Parma, amene ankalamulira dzikolo m'malo mwa mfumu ya ku Spain, za kuzunzidwa kwa anthu chifukwa cha chipembedzo. Zimamveka kuti nduna ina idauza mayiyo kuti asachite mantha ndi anthu amenewa popeza ndi opemphapempha chabe. Mfuluzo zitamva, m'malo mokwiya zidalitola dzinalo. Zidayamba kudzitcha Geuzen, opempha, n'kumanyamula timbale ndi timatumba ta opempha ngati chizindikiro cha gulu lawo. Mu 1572 anzawo a pa nyanja, odziwika ndi dzina lomwelo, adalanda doko la Brielle, ndipo nkhondo ya ufulu wa dzikolo idakolera moto. Mpaka lero Chidatchi chili ndi mawu akuti geuzennaam, kutanthauza dzina lachipongwe limene mwini walisandutsa ulemu.

Ahimba ali pafupi ndi njira yachiwiriyi, ngakhale kuti iwo sadachite kuitanitsa msonkhano. Adangopitiriza kukhala moyo, kubereka ana, kuweta ng'ombe, kukoleza moto wa makolo, mpaka dzina lidatha mano. Lero mtsikana wa ku Okangwati akanena kuti ndi Omuhimba sakunena za mbale yopemphera. Akunena za chiyankhulo chake, tsitsi lake, fuko la amayi ake ndi manda a agogo ake.

Ndani adachita bwino, Alomwe kapena Ahimba? Ine ndikuti onse awiri, ndipo sindikunena izi pofuna kuthawa mlandu. Dzina lakuti Anguru lidali chikwapu chimene chidali chikadali m'manja mwa womenya. Kapitawo wa pa esiteti ankalitchula tsiku ndi tsiku, mwana ankalimva pa sukulu, ndipo aliyense wolitchula ankadziwa kuti akulasa. Dzina lotere sungalisenze osapindika msana. Koma dzina la Ahimba tanthauzo lake lidatsalira kutsidya kwa mtsinje, m'kamwa mwa anthu ena, ndipo eni ake atabwerera kwawo adalidzaza ndi zawo. Muyeso tsono sukhala pa kumene dzina lidachokera. Ukhala pa zimene dzinalo likuchita lero kwa munthu amene walisenza, ndipo wodziwa zimenezo ndi iye yekha, paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mlendo alibe ufulu wouza Mlomwe kuti apirire dzina limene likumuwawa, ndipo alibenso ufulu wouza Mhimba kuti asinthe dzina chifukwa iye mlendoyo wawerenga m'buku kuti n'lonyoza.

Wina anganene kuti, aaa, nkhani yokoma bwanji, anthu osauka adapirira mpaka ulemu wawo udabwerera. Tisafulumire, abale. Ng'ombe zija sizidabwerere ndi mapemphero okha. Ali ku Angola, amuna ambiri a Chihimba adagwira ntchito kwa alenje a Chibunu, ndipo ena adalembedwa ngati asilikali aganyu a Apwitikizi pokagonjetsa mitundu ina ya kumwera kwa Angola, malipiro awo n'kukhala gawo la ng'ombe zolandidwa. Mtsogoleri wotchuka wa magulu amenewa adali Vita Tom, amene dzina lake lomwe limatanthauza nkhondo, ndipo Mabunu ankamutcha Oorlog, tanthauzo lake lomwelo. Iye ndi anthu ake adawolokeranso ku Kaokoland m'zaka za pakati pa 1910 ndi 1920 ali ndi ziweto zambiri. Kunena mosabisa, olandidwa adakhalapo olanda. Ndiye ngati tikana kuti dzina la wopempha linene zonse za anthuwa, tikanenso kuwaveka dzina la oyera mtima. Ndi anthu basi, okhoza kupempha, kupatsa ndi kulanda, monga ine ndi inu.

Ndiponso tsoka silidziwa kuti udalilawapo kale. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kudagwa chilala choopsa chimene chidapha ng'ombe pafupifupi zisanu ndi zinayi mwa khumi zilizonse ku Kaokoland, pa nthawi imene nkhondo ya pakati pa South Africa ndi SWAPO idali itafika m'deralo. Mabanja ambiri adasamukira m'mphepete mwa tauni ya Opuwo kukadikira chakudya cha thandizo, ndipo anyamata ena adalowa usilikali wa South Africa kuti apeze ndalama. Patatha zaka zana, dzina lija lidaoneka ngati ulosi. Koma mvula itabwerera, makola adayambanso kudzaza pang'onopang'ono. Mwa zina zimene zidathandiza ndi mwambo wawo wobwerekana ziweto: amene watsala ndi ng'ombe amapatsa mbale wake zingapo kuti aziweta, azimwa mkaka, mpaka naye aime.

Apa mpamene ndikufuna tifunse funso limene tidayenera kuyamba nalo. Kodi kupempha n'chamanyazi? Tonse tavomereza mwakachetechete kuti dzina lakuti wopempha n'chitonzo, koma chifukwa chiyani? M'Chiherero ndi m'Chihimba, pothokoza amati okuhepa, ndipo mneni yemweyo amatanthauzanso kusowa kapena kufuna chinthu. Ine ndikamva zimenezi ndimaona nzeru yakuya: wothokoza akuvomera kuti adali wosowa, ndipo saona chifukwa chobisira. M'dziko limene mvula ikhoza kukana zaka zitatu zotsatizana, aliyense amadziwa kuti mwini ng'ombe mazana lero akhoza kukhala wotambasula dzanja mawa. Makolo athu nawonso adanena kuti kupatsa n'kuika. Wopatsa sakutaya, akusungitsa kwa mnzake zimene adzazifune tsiku lina. Ngati zili choncho, wopempha ndi wopatsa ndi munthu mmodzi yemweyo pa nyengo ziwiri zosiyana. Manyazi, ngati alipo, ali kwa iye amene adapatsa mnzake chakudya ndi dzanja lamanja, lamanzere n'kumupachika dzina loti asadzaiwale kuti adadyapo kwa eni.

Masiku ano Ahimba sakutchedwanso opempha ndi anthu akunja. Akupatsidwa maina ena, ooneka okoma. Makampani okopa alendo amawatcha mtundu umene chitukuko sichidaukhudze, anthu okhala monga ankakhalira makolo zaka zikwi zapitazo. Mawu amenewa amamveka ngati chiyamikiro, koma ndi khola lina. Anthu amene adathawa mfuti za Anama, adamenya nkhondo za Apwitikizi, adaona magalimoto a nkhondo a South Africa, mungati mbiri sidawakhudze? Kudzipatula kwawo kumene alendo amakusirira kudapangidwa mbali ina ndi boma la South Africa, limene kwa zaka zambiri lidatseka Kaokoland n'kuletsa anthu ake kugulitsa ziweto kunja kwa deralo. Ndipo dzina lotere lili ndi mtengo wake, pakuti mnyamata wa Chihimba amene wapita ku sukulu, wavala buluku ndipo ali ndi foni m'thumba amayamba kuuzidwa ndi alendo kuti si Mhimba weniweni. Tangoganizani, mlendo wobwera dzulo ndi kamera akuuza mwini dzina kuti dzinalo silikumukwana!

Ngakhale chiyankhulo chawo chidavekedwapo nthano. Akatswiri, pakati pawo Debi Roberson, adafalitsa mu 2005 kafukufuku woonetsa kuti Chihimba chili ndi mawu akuluakulu asanu otchulira mitundu ya zinthu, ndipo amodzi mwa iwo, burou, amagwira kubiriwira kwa masamba ndi mtundu wa thambo pamodzi. Mu 2011 wailesi ya kanema ya BBC idaonetsa Ahimba akuvutika kusiyanitsa mitundu iwiriyi, ndipo dziko lonse lidayamba kunena kuti kuli anthu ku Africa amene saona mtundu wa thambo. Pambuyo pake zidadziwika kuti zimene zidaonetsedwazo zidachita kukonzedwa kuti kamera ijambule, sizidali zotsatira za kafukufuku. Mmalawi ayenera kuseka nkhani imeneyi, pakuti nafenso tili ndi kuyera, kuda, kufiira ndi kubiriwira, ndipo buluu tidachita kubwereka kwa azungu. Kodi agogo athu a ku Mangochi sankaona kusiyana kwa nyanja ndi masamba a mango? Kusowa mawu si khungu. Koma amene ali ndi kamera ndi cholembera ndiye amatcha, ndipo wotchedwayo nthawi zambiri samva n'komwe zimene zikunenedwa za iye.

Pali nthawi ina imene anthu otchedwa opemphawa adaonetsa dziko kuti amadziwanso kukana. Namibia italandira ufulu mu 1990, boma lidafuna kumanga damu la magetsi pa mtsinje wa Kunene pafupi ndi mathithi a Epupa. Madzi akadamiza msipu wa m'mbali mwa mtsinje umene umapulumutsa ziweto pa chilala, mitengo ya kanjedza imene zipatso zake zimadyedwa pa njala, ndiponso manda ambiri a makolo. Akuluakulu ena a boma ankayankhula za Ahimba ngati anthu otsalira ofunika kuwatukula. Mafumu awo, motsogozedwa ndi Hikuminue Kapika, adakana. Adapeza maloya, ndipo mu 1997 adafika mpaka ku Ulaya kukauza amene akadapereka ndalama kuti eni nthaka sakufuna. Damu la Epupa silidamangidwe, ndipo maganizo a maboma awiriwo adasamukira ku malo ena kumunsi kwa mtsinje, otchedwa Baynes. Pa nkhani yonseyi amene ankayenda ndi mbale m'manja kufunafuna ngongole lidali boma. Opempha aja sadapemphe kanthu koma kuti asiyidwe ndi manda a makolo awo.

Nkhaniyi ikutikhudza ife mbali zonse ziwiri, chifukwa takhalapo otcha ndipo takhalapo otchedwa. Tidatcha Alomwe dzina lija. Pa nkhondo ya ku Mozambique, imene idatha mu 1992, tidalandira anthu oposa miliyoni imodzi, ndipo aliyense adzifunse yekha kuti m'midzi ndi m'misika tinkawatchula bwanji akatembenuka. Komanso agogo athu amene adapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Rhodesia adatchedwa Mabhurandaya, anthu a ku Blantyre, ndipo zidzukulu zawo zobadwira konko zidalimva dzinalo ngati chizindikiro chakuti si eni dziko. Ana athu amene ali ku Johannesburg akudziwa kulemera kwa mawu akuti makwerekwere. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mtsinje uliwonse uli ndi tsidya ziwiri, ndipo palibe mtundu umene udalonjezedwa kuti udzakhala tsidya la opatsa mpaka kalekale.

Yankho langa tsono ndi ili. Dzina limayamba lili la oitana, pakuti palibe khanda kapena mtundu umene umadzitcha wokha pachiyambi. Koma likakhala pa munthu, iye ndiye amene amagona nalo ndi kudzuka nalo, ndipo ulamuliro wake umasamukira kwa iye. Akafuna kulitaya, monga adachitira Alomwe, ife tilibe mawu koma kuphunzira dzina latsopano ndi kulitchula bwino. Akafuna kulisunga, monga achitira Ahimba, tisamukumbutse za mbale yopemphera imene iye adaisiya kalekale kutsidya kwa Kunene. Udindo waukulu uli pa ife pa tsiku limene mlendo wanjala waima pakhomo pathu. Tsiku limenelo tili ndi mphamvu ziwiri, yomupatsa nsima ndi yomupatsa dzina. Nsima idzatha m'mimba mwake dzuwa lisanalowe, koma dzina adzalisiyira zidzukulu zake. Choncho tisanamutche, tiyambe tamufunsa kuti, kodi inu kwanu amakutchani ndani?